Apongozi Opanda Tikiti

Almaty, 3 Okutobala 2017

Okondedwa Ata,

Ndawerama pokupatsani moni. Muli bwanji kumeneko? Mawondo akutani ndi kuzizira kwayambaku? Nanga alamu anga ali bwanji, ndipo nkhosa zatsika kale kuphiri? Ine kuno ndili bwino, kungoti ndakusowani.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni timangokuwirana, inu "wati chiyani?" ine "mwandimva?" mpaka ndalama zithe. Adokotala a makutu apereka tsiku. Mukufunika kuno pa 23 mwezi uno, ndipo mudzapita kuchipatala masiku atatu otsatizana. Tsiku lachitatulo ndi limene adzakuvekeni kachipangizo kothandiza kumva. Musayambe zija zoti makutu a nkhalamba amafunika kupumula. Munandinyengerera nazo chaka chatha, chaka chino ayi.

Mu envelopu muno ndaikamo khadi la basi. Kuyambira mu Ogasiti, wolipira ndi khadi akulipira matenge 80, pamene wolipira ndalama m'manja akulipira 150. Mukakwera mukhudzitse khadilo pa kamakina kali pafupi ndi khomo, kakalira kuti pii ndiye kuti mwalipira. M'khadimo muli ndalama zokwanira sabata yonse. Musalitaye, ndipo musapatse munthu. Ndikukudziwani, Ata. Zikavuta n'kulipira ndalama, mupemphe tikiti kwa dalaivala, chifukwa popanda kapepala kameneko mumawerengedwa ngati simunalipire.

Za ntchito, mukudziwa kuti ukondakitala unatha, makina aja anatilanda. Koma anditenga kukhala insipekitala, woyang'ana ngati okwera alipira. Ndili pa miyezi itatu yondiyesa. Timayenda awiriawiri, ine ndi wamkulu wanga, mayi wina woti sindinaonepo mano ake. Lamulo lake ndi limodzi: wolekerera mnzake kapena m'bale wake avule yunifolomu pomwepo. Anzanga awiri anavula kale, ndiye ndikuyenda mosamala kwambiri.

Mukamabwera munditengereko kurt wa alamu anga. Timibulu ta mkaka wouma togula kuno n'topanda mchere, timangokhala ngati choko.

Mpongozi wanu,
Kamshat

Karabulak, 9 Okutobala 2017

Mwana wanga Kamshat,

Moni wako ndalandira, Mulungu akusunge. Mawondo alipo, akung'ung'udza ngati mwini wake. Nkhosa zinatsika Lachisanu. Mlamu wako Balzhan ali bwino, pakamwa pokha ndi pamene sipapuma.

Kalata yako yafika ndi Kuanish wa takisi. Pa envelopu walembanso "Kwa Ata". Kuanish akuti tsiku lina adzaipereka kwa nkhalamba ina, poti m'mudzi muno aliyense wa ndevu zoyera ndi Ata. Ndamuyankha kuti zaka khumi ndi ziwiri chilowereni iwe m'nyumba muno, dzina langa silinatulukepo pakamwa pako ngakhale pa cholembera chako, monga mwambo wa mpongozi umafunira, ndipo iye akapeza mkazi wa ulemu wotere aleke kubwebweta akwatire. Malemu apongozi ako aakazi ankanyadira zimenezi mpaka kukwiyitsa anzawo.

Tsopano za khadi lakoli. Ndalitembenuza uku ndi uku, ndipo landipsetsa mtima. Ine ndinayendetsa basi ya kuno zaka makumi atatu, pa msewu woti lero mbuzi ikhoza kuukana. Mpando unali umodzi, mtengo umodzi. Tandiuza, wolipira 150 amakhala pa mpando wofewa? Amafika msanga? Khadilo limagulitsidwa m'tauni, ndipo ali nalo ndi munthu wolandira malipiro pa mwezi. Alibe ndi mayi Nagima, amene amabwera kumeneko kanayi pachaka ndi matumba a kurt, n'kukwera mabasi awiri popita kumsika, awiri pobwera. Ndiye wa kumudzi azilipirira wa m'tauni? Amene anaganiza zimenezi sanakwerepo basi ndi thumba pamsana.

Ndikudziwa uyankha kuti akufuna madalaivala asamabe. Chabwino, akuba alipo, analipo ngakhale nthawi yathu. Koma wakuba ndi dalaivala, wolangidwa ndi Nagima. Nanga izi zopempha tikiti? Mwamuna wamkulu ndam'patsa mwamuna mnzanga ndalama m'manja, kenako ndimuuze kuti ndipatse umboni? Kumeneko n'kumutchula wakuba pamaso pa anthu. Pa basi yanga munthu wondipempha kapepala akanatsikira pa mlatho.

Usadandaule, ndibwera, ndipo khadi ndiligwiritsa ntchito poti wandituma ndiwe. Ntchito yatsopanoyo uigwire ndi manja awiri. Malemu Erkin wanga, mwamuna wako, anakusiya wekha m'tauni yodula imeneyo, ndipo ine ndilibe chokupatsa koma nyama ndi madalitso. Hatchi yoti tidzaphe chisanu chino ndayamba kale kuinenepetsa. Gawo lako lidzafika kumayambiriro kwa Disembala monga chaka chilichonse.

Orazbek

Almaty, 26 Okutobala 2017

Ata,

Ndawerama, ngati moni wanga mukuufunabe. Mwafika bwino? Dzulo ndinabwera kuchokera kuntchito n'kupeza kiyi kwa aneba, kurt pa tebulo, bedi loyalidwa bwinobwino, inu kulibe. Ndinakhala pansi ndi jekete yomwe.

Ndilembe zimene zinachitika monga ndinazionera ine, mwina mungandikhululukire. Mabasi mumzinda muno ndi ambirimbiri, koma ife tinakakwera yomwe munalimo inu, masana aja pafupi ndi msika waukulu. Wamkulu wanga analowera khomo la kumbuyo, ine la kutsogolo. Ndinayamba kuona chipewa chanu, kenako kachipangizo katsopano kali kukhutu, ndipo mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Mawondo anga anayamba okha kupinda kuti ndiwerame. Inu munandiyang'ana ngati simunandionepo, n'kunena mokweza kuti, "Mayi, ine ndilibe khadi, ndilibe tikiti. Lembani."

Mayi! Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala "mwana wanga", dzulo ndinasanduka mayi wa mumsewu.

Wamkulu wanga anafika pomwepo. Anati, "Agogo, khadi mulibe, nanga munalipira kwa dalaivala?" Anati, "Agogo, ndikufunsa inu." Munangotulutsa chiphaso chanu n'kundipatsa. Kagwiridwe kathu ka ntchito n'kakuti mmodzi amawerenga chiphaso mokweza, wina akulowetsa m'makina. Mayi uja anati, "Werenga, mtsikana, basi ikudikira." Ndinati maso akundivuta. Anati, "Dzulo amaona, lero atani? Kapena ndi m'bale wako?" Ndinakuyang'anani kuti munene mawu amodzi okha. Munayang'ana pawindo.

Ndiye ndinalitchula, Ata. Dzina lanu ndi la bambo anu, pamaso pa basi yodzaza, ndipo ndinalilembanso ndi dzanja langa pa chikalata cha chindapusa. Lilime langa likuwawabe mpaka pano. Ndinasankha yunifolomu, sindingakane. Ndikanati "awa ndi apongozi anga, ndichotseni ntchito", lero ndikanakhala wopanda ntchito koma wa ulemu.

Chimene sindikumvetsa ndi khadi. Linapita kuti? M'mawa muja ndinakuonani mukuliika m'thumba la mkati. Ngati munalitaya, bwanji simunalipire ndalama? Kapena munafuna kundionetsa kuti ntchito yangayi ndi yochititsa manyazi anthu akumudzi? Ngati ndi choncho, ndaona.

Chindapusacho ndalipira ine, musavutike nacho. Ndiyankheni, ngakhale kundikalipira.

Kamshat

Almaty, 18 Novembala 2017

Ata,

Ndawerama. Muli bwanji? Kachipangizo kaja kakugwira bwino ntchito? Mabatire ake satenga masiku ambiri, ndiye ndaikamo ena muno.

Kuanish wabwera kuno katatu, katatu konse chimanjamanja. Ndikamufunsa akuti kalata ija anaipereka m'manja mwanu, inu n'kungoti zikomo. Ndinaimba foni, inangolira mpaka kutopa.

Sabata yatha kunabwera achimwene anga. Ayambiranso nkhani yawo ija, yoti papita zaka zitatu chimwalirireni mwana wanu, ndilibe mwana wondimangirira kubanja kwanu, ndiye ndikudikira chiyani. Kale ndinkawayankha kuti ndili ndi kwathu ku Karabulak. Ulendo uno ndinangowathirira tiyi.

Kuno chipale chofewa chagwa kale kawiri. Muzivala masokosi aubweya aja.

Kamshat

Karabulak, 4 Disembala 2017

Alamu,

Moni. Ine ndili bwino, ana ali bwino, mwamuna wanga ali monga mwa masiku onse. Ndisataye nthawi, mukundidziwa.

Mwawachita chiyani bambo anga? Chibwerereni kumeneko salankhula. Amadzuka, amakadyetsa hatchi, amabwera n'kukhala pawindo. Munthu woti ankatsutsana ndi wailesi yomwe! Ndikawafunsa akuti, "Ndisiye, Balzhan, ndikumvetsera." Akumvetsera chiyani? Ketulo?

Nkhani yonse tinaimva kwa mayi Nagima, ndipo pofika lero ngakhale agalu a m'mudzi muno akuidziwa. Akuti anakumana ndi bambo pa siteji, iwo akumasula kansalu kawo kuti awerenge 150. Bambo anati, "Nagima, manga kansaluko," n'kuwalipirira ndi khadi lawo, kenako kuwakankhira khadilo m'manja kuti alisunge. Mayi Nagima anapita kumbuyo ndi matumba awo. Posakhalitsa anangomva mawu anu, alamu, mukufuula dzina la bambo ngati mphunzitsi akuitana mwana wochedwa. Akuti anafuna kuimirira kuti afotokoze, koma bambo anatembenuka n'kuwayang'ana ndi diso loti anakhalanso pansi.

Ine ndinakuikirani kumbuyo. Ndinauza azimayi kusitolo kuti mlamu wanga sangachite zimenezo popanda chifukwa, ndipo wina ndinatsala pang'ono kumuponyera buledi. Koma ndikafika kunyumba n'kuwaona atakhala pawindo paja, ndimakukwiyirani, sindibisa. Munthu wathandiza mayi wamasiye, mphoto yake chindapusa, cholembedwa ndi mpongozi wake yemwe.

Za nyama musadikire. Mudzi wonse wapha kale, ife tokha ayi. Hatchi yanenepa moti ikulephera kutembenuka m'khola, koma ndikanena za mpeni bambo akuti, "Nthawi sinakwane." Magawo a abale sanatchule n'limodzi lomwe, ndipo dzina lanu sindinalimve pakamwa pawo chibwerereni.

Mafuta odzola aja munandilonjeza musaiwale. Kukwiya ndakwiya, koma manja akung'ambika.

Mlamu wanu,
Balzhan

Almaty, 9 Disembala 2017

Alamu anga,

Moni kwa inu, kwa ana ndi kwa bambo awo. Mafuta ndi awa, ndagula mabotolo awiri. Zikomo pondiikira kumbuyo, ndipo buledi musamaponye, ndi wodula.

Tsopano ndadziwa kumene khadi linapita. Ndinaseka ndekha kenako ndinalira, chifukwa Ata ndinawauza ndithu kuti asapatse munthu. Koma anali olondola iwo ponena kuti khadili n'lokondera. Tsiku lililonse amene ndimawagwira si a masuti, ndi anthu a matumba, amene alipira zambiri koma sanadziwe zopempha kapepala. Ndimalemba, poti ndiyo ntchito.

Zoti gawo langa la nyama kulibe ndazimva. Sindikudandaula za nyama. Gawo limapita kwa munthu wa m'nyumba, ndiye ndamva chimene akundiuza. Sindikufuna kuti avutike kufunafuna mawu ondichotsera.

M'kabokosi aka muli ndolo zasiliva zimene malemu amayi anu anandiveka tsiku limene banja lanu linabwera kudzandifunsira. Muwapatse Ata. Ndi za m'nyumba mwanu, zipite kwa mpongozi wodziwa kusunga pakamwa. Muwauze kuti ndawerama.

Kamshat

Karabulak, 13 Disembala 2017

Mwana wanga,

Uli bwanji? Ukudya? Ine ndili bwino m'thupi, koma ndine chitsiru chokalamba, ndipo kalata ino ikufotokozera uchitsiru wake.

Makalata ako awiri aja ndinali ndisanatsegule. Anali pansi pa pilo. Ndinkaopa kuti loyamba likuti akuchotsa ntchito chifukwa cha ine, ndipo lachiwiri likuti wabwerera kwa abale ako. Ine amene ndinkatsetsereka ndi basi pa chipale popanda mantha, ndinaopa envelopu. Dzulo Balzhan anaika kabokosi pa tebulo, ndipo ndinamva kanthu kakulira m'katimo kuti ngwi ngwi. Kale sindikanamva. Nditatsegula n'kuona ndolo za mkazi wanga, ndinathamangira ku pilo, mawondo ndinawaiwala.

Tamvera tsono. Nditamulipirira Nagima, ndinapita kwa dalaivala n'kumupatsa 150. Ndinalipira, mwana wanga, ndipo ndinalipira mtengo waukuluwo. Anali mwamuna wa msinkhu wa Erkin, maso ofiira ndi tulo. Anaika ndalamazo m'thumba la malaya, tikiti sanandipatse. Ndinakumbukira mawu ako, ndinatsegula pakamwa, koma sizinatuluke. Sindinapemphepo mwamuna mnzanga umboni chibadwire.

Mutakwera inu, ndinaona nkhope yake pagalasi. Ndikuidziwa nkhope imeneyo, ndi ya munthu amene akuwerenga ana ake. Ndikanati ndinalipira, iye ntchito ikanatha. Ndikanati uyu ndi mpongozi wanga, iwe ntchito ikanatha. Ndinaona kuti m'basi monsemo chotsika mtengo ndi ulemu wa nkhalamba, ndiye ndinapereka umenewo. N'chifukwa chake ndinakutchula "mayi". Mawondo ako anali atayamba kupinda, ndipo mayi wopanda mano uja anali akubwera.

Chimene sindinadziwe n'chakuti adzakuwerengetsa dzina. Ndinakukakamiza kuswa chinthu chimene unasunga zaka khumi ndi ziwiri, chifukwa cha kuuma mutu kwanga. Ndinathawa m'nyumba mwako chifukwa ndinalibe nkhope yokuonetsa. Wolakwa ndine, ndipo ndikupepesa. Ndinazolowera kulamula, mawu amenewa andivuta kulemba, uwasunge.

Koma pali china chimene sindinauze munthu, ngakhale Balzhan. Kachipangizo kaja kanali katangokhala ola limodzi m'khutu mwanga. Mumsewu ndinkangomva phokoso losokonekera. Mawu ako ndinali ndisanawamve bwinobwino zaka zisanu, ndinkangoona milomo ikuyenda n'kuganizira zotsalazo. Ndiye mawu oyamba amene analowa m'khutu mwanga oyera, athunthu, anali ako: "Orazbek, mwana wa Zhumagali." Anzanga onse amene ankandiitana ndi dzina ali kumanda. Kwa aliyense ndine Ata, agogo, akuluakulu. Ndinali nditaiwala mmene dzina langa limamvekera. Unati ndinayang'ana pawindo pokukana. Ayi, poyamba ndinkaopa kukuulula, kenako ndinkabisa misozi, chifukwa munthu wogwidwa wopanda tikiti akamalira amaoneka ngati akufuna kumumvera chisoni.

Chikalata cha chindapusa ndinachisunga m'bokosi, pamodzi ndi makalata a Erkin a kuusilikali. Uli ndi dzanja labwino.

Za khadi sindinasinthe maganizo, n'zokondera basi. Koma kukwiya ndekha pawindo sikutsitsa mtengo. Ndapereka ndalama kwa Kuanish, utigulire makhadi khumi. Tidzawapachika pa msomali kusitolo, aliyense wopita kutauni azitenga limodzi n'kudzabweza. Nagima wavomera kuwayang'anira, ndipo amene angamubere Nagima sanabadwe. Undilemberenso mawu aulemu opemphera tikiti, ndiwaloweze pamtima.

Hatchi sindinaphe chifukwa sindinkadziwa ngati gawo lako lili ndi kolowera, ndipo kupha popanda gawo lako sindikanatha. Ikudikira iwe. Miyezi yako yokuyesa ikutha kumapeto kwa mwezi uno, pempha masiku atatu ubwere. Ukachedwa tidzagumula khola kuti ituluke.

Ndolo ndi izi, zivale. Zinaperekedwa kwa mpongozi, ndikuzibweza kwa mwana wanga wamkazi. Achimwene ako akunena zoona pa chinthu chimodzi, ukadali wamng'ono. Tsiku limene udzapeze munthu wabwino usadzabise. Adzabwere kudzafunsira kuno, udzatulukire pa khomo lino, ndipo wokudalitsa ndidzakhala ine.

Poyankha usalembenso "Kwa Ata" pa envelopu, Kuanish wavutika mokwanira. Dzina ukulidziwa. Ndinakumva ndi makutu anga.

Bambo ako,
Orazbek